Mitsempha ya mtima ikatuluka pachilendo: ngozi za kapaipi ndi mmene madokotala amazithetsera

Mtima umapopa magazi opita m'thupi lonse, koma mnofu wake sudya magazi odzaza m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake iwiri yotuluka pa tsinde la aorta, mtsempha waukulu wochoka mumtima, pamwamba penipeni pa valavu. Pa tsindepo pali timatumba titatu. Mwa anthu ambiri mtsempha wakumanja umatuluka m'kathumba ka kumanja, wakumanzere m'kathumba ka kumanzere, ndipo kachitatu kamangokhala kopanda mtsempha. Wakumanzere uja umayenda sentimita imodzi kapena ziwiri n'kugawika pawiri: nthambi ina imatsika kutsogolo kwa mtima, inzake imakhota n'kuzungulira kumbuyo. Yonseyi ndi mitsempha yaing'ono, m'mimba mwake mamilimita 2 mpaka 4, koma umodzi ukatsekeka, mnofu umene umadya pamenepo umayamba kufa lisanathe ola.

Mitsempha imeneyi ikathina ndi mafuta, madokotala amaiunika ndi kuitsegula ndi kapaipi kapulasitiki kotchedwa catheter, kotalika pafupifupi mita imodzi koma koonda, mamilimita 2 basi. Amakalowetsa mumtsempha wa pamkono pafupi ndi dzanja kapena wa m'mphechepeche, wodwala ali maso, atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi polowera. Kakafika pakhomo la mtsempha wa mtima, amapoperamo utoto wa ayodini umene umaoneka pa X-ray, pothina ponse n'kuonekera. Ngati pakufunika kutsegula, amadutsitsa kawaya kosakwana theka la milimita, pa kawayapo n'kutsetsereketsa kabaluni, kenaka kachubu ka waya wolukana kotchedwa stent, kamene kamatsala momwemo kuti njira isatsekekenso.

Ntchitoyi inayamba ndi ngozi. Pa 30 Okutobala 1958, ku Cleveland Clinic m'dziko la America, Mason Sones ankapopera utoto mu aorta ya mnyamata wa zaka 26 pamene nsonga ya kapaipi inaterereka n'kulowa mumtsempha wakumanja. Mtima unaima kwa kanthawi. Sones anamuuza wodwalayo kuti atsokomole mwamphamvu, mtima n'kuyambanso kugunda, ndipo chithunzi chimene chinatsala chinaonetsa kuti mitsempha ya mtima ingathe kujambulidwa munthu osafa. Mu 1967 Melvin Judkins ndi Kurt Amplatz, aliyense payekha, anapanga timapaipi topindidwiratu kuti tizipeza tokha makomo awiri aja. Mu 1977 ku Zurich, Andreas Grüntzig anatsegula mtsempha wa mtima ndi kabaluni koyamba. Lero ntchitoyi imachitika tsiku ndi tsiku, ndipo pa kuunika chabe zovuta zazikulu zimagwera munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, nthawi zambiri osafika n'komwe pamenepo.

Gwero la vuto limene nkhani ino ikufotokoza lili pa timapaipi topindidwiratu tija. Tinapindidwa potengera mtima wa anthu ambiri. Munthu amene mitsempha yake inatuluka pena, kapena inadzera njira ina, kapaipi sikamukwana, ndipo dokotala amayamba kupotoza, kukankha ndi kusintha zipangizo. Ngozi zambiri zimabadwira m'mphindi zimenezo.

Zachilendo zopanda vuto ndi zachilendo zakupha

Mu 1990 Yamanaka ndi Hobbs anafalitsa zimene anapeza ataunika zithunzi za odwala 126,595 a ku Cleveland Clinic. Odwala 1,686, kapena kuti 1.3 pa 100 alionse, anali ndi mitsempha yachilendo, ndipo pafupifupi anayi mwa asanu alionse chilendo chawo chinali chopanda choopsa mwa icho chokha. Zofala kwambiri zinali ziwiri. China n'chakuti nthambi ziwiri za kumanzere zimatuluka iliyonse ndi khomo lake, popanda tsinde limodzi. China n'chakuti nthambi yozungulira kumbuyo imatuluka kumanja, kaya m'kathumba ka kumanja kapena pa mtsempha wakumanja womwewo, n'kudutsa kuseri kwa aorta kukafika kumene imayenera kudyetsa. Munthu wotere amakula, kulima, kubereka ndi kukalamba osadziwa kanthu.

Choopsa ndi mtsempha wotuluka m'kathumba ka tsidya lina n'kudutsa pakati pa aorta ndi mtsempha waukulu wopita ku mapapo. Kawirikawiri khomo lake silikhala lozungulira koma kamng'alu chabe, limatuluka mokhota kwambiri, ndipo chigawo choyamba cha mtsemphawo chimayenda m'kati mwa khoma la aorta. Munthu akamathamanga, aorta imafufuma n'kufinya chigawocho pa nthawi yomweyo imene mtima ukufuna magazi ochuluka. M'kaundula wa ku America wa achinyamata ochita masewera amene anafa mwadzidzidzi, chilendo cha mitsempha ya mtima chili pa nambala yachiwiri, pambuyo pa nthenda ya kukhuthala kwa mnofu wa mtima. Choopsa kwambiri ndi pamene wosokera uja ndi mtsempha wakumanzere.

Palinso anthu obadwa ndi mtsempha umodzi wokha. Pete Maravich, katswiri wa basketball, anagwa n'kumwalira pa 5 Januwale 1988 akusewera ndi anzake ku Pasadena, ali ndi zaka 40, ndipo pomuunika anapeza kuti analibe mtsempha wakumanzere. Wakumanja ndiwo unkadyetsa mtima wonse. Ena mtsempha wawo wakumanzere umatuluka pa mtsempha wopita ku mapapo, umene uli ndi magazi ochepa okosijeni. Izi zimagwera mwana mmodzi pa pafupifupi 300,000, ndipo popanda opaleshoni ambiri safika chaka. Pamwamba pa izi pali mitsempha yolowa pansi pa mnofu n'kutulukiranso kutsogolo, ndi ina yotsegukira mwachindunji m'chipinda cha mtima.

Mtsempha ukasowa

Vuto loyamba silitulutsa magazi, ndiye limanyozeka. Dokotala amapopera utoto kumanzere, nthambi yozungulira kumbuyo osaoneka, iye n'kulemba kuti inatsekeka kotheratu. Komabe mtsempha umene unatsekeka kalekale umasiya zizindikiro: kachitsa pamene unayambira, ndi timitsempha tating'ono tochokera kwa inzake tobweretsa magazi cham'mbuyo. Pakakhala chigawo cha mtima chopanda mtsempha uliwonse, popanda kachitsa, popanda timitsempha tothandizira, koma mnofu wake ukugwira ntchito bwinobwino, ndiye kuti mtsemphawo ulipo, wangotuluka pena. Nthawi zina ndi kapaipi komwe kamaubisa: kakalowa kwambiri mumtsempha wakumanja kamapitirira khomo la nthambi yosokera ija, utoto wonse n'kupita kutsogolo. Kungokabweza mamilimita ochepa n'kupoperanso kumaonetsa nthambiyo.

Kuphonya kumeneku kumapweteka m'tsogolo. Dokotala wa opaleshoni wosadziwa kuti kuseri kwa aorta kukudutsa mtsempha angathe kuusoka kapena kuufinya poika valavu yatsopano. Pa opaleshoni yolambalalitsa magazi, nthambi yodwala imene sinalembedwe imatsala yosathandizidwa. Ndipo kwa munthu wobwera usiku ndi mtsempha wotsekeka mwadzidzidzi, mphindi iliyonse yofunafuna khomo ndi mnofu umene ukufa.

Kufunafunako kuli ndi mtengo wake. Utoto wochuluka umavulaza impso, makamaka za odwala shuga, okalamba, ndi amene impso zawo zinali kale zofooka kapena thupi lawo lachepa madzi; vutolo limaoneka m'magazi pakapita masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake madokotala ambiri amadziikira malire asanayambe, kuti mamililita a utoto asapose katatu nambala yoonetsa mphamvu ya impso za wodwalayo, ndipo amamupatsa madzi a m'diripi ntchito isanayambe komanso ikatha. Cheza cha X-ray nacho chikachuluka chimawotcha khungu lakumsana, chilonda n'kudzaoneka patapita milungu, wodwala ali kale kwawo. Makina akaonetsa kuti cheza chapyola magiree 5, wodwalayo amayenera kuuzidwa ndi kudzaonedwanso. Ndipo kapaipi koyendetsedwa uku ndi uku mu aorta yodzaza mafuta kangathe kugumula kachidutswa kamene kamakatseka mtsempha wa mu ubongo.

Njira yabwino ndi kufufuza mwadongosolo, osati mwamwayi. Amapopera utoto kamodzi pa tsinde la aorta kuti makomo onse aonekere, kapena m'kathumba kalikonse pakokha, kenaka n'kusankha kapaipi koyenera malo amene khomo laoneka. Mtsempha wakumanja wotuluka kumanzere nthawi zambiri umakhala kutsogolo ndi pamwamba pang'ono pa khomo la wakumanzere, ndipo umagwidwa ndi timapaipi topangidwira kumanzere. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano kudekha kumaphatikizapo kudziwa posiyira. Ngati wodwala sali pa ngozi ya nthawi yomweyo, kuimitsa ntchito n'kumutumiza ku sikani ya CT si kulephera. CT imaonetsa khomo, njira ndi zoyandikana nazo mbali zonse, pamene X-ray ya m'chipinda cha kapaipi ndi mthunzi chabe, ndipo imanamiza ngakhale akatswiri pa funso lofunika kwambiri lija, lakuti mtsempha wadutsa kutsogolo, kumbuyo kapena pakati.

Nthawi zina chilendo chimayambira m'njira. Munthu mmodzi pa 100 kapena 200 ali ndi mtsempha wa mkono wamanja wotuluka kumapeto kwa khota la aorta n'kudutsa kuseri kwa kummero. Kapaipi kolowera kudzanja lamanja kamakatulukira mu aorta yotsika, ndipo kukabweza kuti kapite ku mtima kumafuna kukhota koopsa. Kusamukira ku dzanja lamanzere kapena m'mphechepeche kumapulumutsa nthawi ndi khoma la mtsempha. Kwa amene mtima wawo uli kumanja, pafupifupi mmodzi pa 10,000, timapaipi ndi tomwe tija, koma amatipotoza mobwerera ndipo kamera amaiika mosinthanitsa mbali.

Kapaipi kakatseka khomo

Kunsonga kwa kapaipi kumayezedwa mphamvu ya magazi nthawi zonse, ndipo mzere wake umavina pa sikirini. Mzerewo ukagwa kapena kuphwa, ndiye kuti kapaipi katseka khomo kapena katsamira khoma. Pa khomo la kamng'alu izi zimachitika msanga. Lamulo ndi limodzi: mzere ukaphwa, utoto supoperedwa. Kupopera pamenepo kumadzaza mtsempha ndi utoto wopanda potulukira, mtima n'kuyamba kunjenjemera m'malo mogunda. Zomwezo zimachitika kapaipi kakalowa mosadziwa m'kanthambi kakang'ono kotuluka pakokha m'kathumba ka kumanja, kumene dokotala wofunafuna mtsempha wosokera amagogoda kawirikawiri. Mtima ukanjenjemera amaugwedeza ndi magetsi nthawi yomweyo, n'chifukwa chake kwa wodwala wa mitsempha yachilendo ndi nzeru kumata zomatira za makina ogwedezera mtima pachifuwa ntchito isanayambe. Ukangochedwa kugunda, kutsokomola kwa Sones kuja kumagwirabe ntchito, pamodzi ndi mankhwala a atropine.

Pofuna kupewa zonsezi, madokotala ena salowetsa n'komwe kapaipi pakhomo. Amakaimika pafupi, n'kulowetsa kawaya kofewa kali m'malere, kenaka kapaipi n'kutsata kawayako pang'onopang'ono.

Khoma likang'ambika

Khoma la mtsempha lili ndi zigawo zitatu zomatana. Nsonga ya kapaipi ikakanda chigawo cham'kati, magazi amalowa pakati pa zigawozo monga madzi a mvula olowa pakati pa njerwa ndi pulasitala, n'kumasenda mopitiriza. Chigawo chosendekacho chimatsamira m'kati n'kutseka njira. Wodwala amadandaula chifuwa, mizere ya mtima imasintha, ndipo pa chithunzi utoto umatsalira pakhoma osachoka.

Mitsempha yachilendo imang'ambika mosavuta chifukwa kapaipi sikalunjika ndi njira yake, kamaloza khoma. Komanso timapaipi tofikira makomo ovuta, makamaka ta Amplatz, n'tolimba ndipo tili ndi khalidwe lakelake: kakakokedwa kuti katuluke, nsonga yake imamira m'kati. Wodziwa amakakankha pang'ono kuti nsonga ichoke pakhomo, n'kukapotoza, kenaka n'kukakoka.

Kung'ambika kukachitika, choyamba ndi kuleka kupopera utoto, chifukwa kupopera kulikonse kumakulitsa mng'aluwo. Chachiwiri ndi kawaya. Ngati kali kale m'njira yeniyeni, sikachotsedwa zivute zitani, poti pa mtsempha umene khomo lake linatenga theka la ola kulipeza, mwayi wachiwiri sungapezeke. Ngati kulibe, amalowetsa kawaya kofewa mosamala, ndipo kamera kakang'ono ka mafunde a phokoso kolowa mumtsempha kamatsimikiza, popanda utoto, kuti kawayako kali m'njira yeniyeni osati pakati pa zigawo. Kenaka stent imaikidwa kuti imate pong'ambikapo. Mng'alu waung'ono wosatseka magazi ungathe kusiyidwa, wodwala n'kumayang'aniridwa.

Nthawi zina mng'alu umabwerera m'mbuyo n'kukwera mu aorta. Mu 2000 Dunning ndi anzake anagawa vutoli patatu: lotsalira m'kathumba, lokwera osakwana mamilimita 40, ndi lopyola mamilimita 40. Awiri oyambawo kawirikawiri amatha ndi stent yoikidwa pakhomo penipeni pamene magazi akulowera, n'kumatsatira ndi CT. Lachitatu limafuna kuti dokotala wa opaleshoni aitanidwe msanga. Kwa munthu amene mtsempha wake umayenda m'kati mwa khoma la aorta, mtunda wochoka pa mtsempha kukafika mu aorta palibe n'komwe. Ndipo kwa wa mtsempha umodzi wokha, kung'ambika kwa tsinde ndi kutseka mtima wonse nthawi imodzi. Ntchito yotsegula mtsempha wa munthu wotere, ngati si yamwadzidzidzi, siyenera kuchitikira pa chipatala chopanda madokotala a opaleshoni ya mtima oyandikira.

Kubooka

Kubooka kwa mtsempha kumagwera odwala osakwana mmodzi pa 100 mwa oikidwa kabaluni kapena stent, koma kumapha msanga. Mtima uli m'kathumba kosatamuka, ndipo magazi okwana mamililita 100 kapena 200 akadzazamo mofulumira amaufinya mpaka kulephera kudzaza. BP imagwa, mitsempha ya pakhosi imatupa, wodwala amatuluka thukuta n'kusowa mtendere. Stephen Ellis ndi anzake anasanja kubookaku mu 1994, kuyambira kachiphuphu kotuluka kunja kwa khoma popanda kudontha mpaka bowo la milimita imodzi kapena kuposa, lothovola utoto poyera.

Dzanja loyamba kuyenda ndi la pa kabaluni. Kabaluni komwe kaja kamabwezedwa pamalo obooka kapena pamwamba pake n'kufufumitsidwa pang'ono kwa mphindi zingapo, kuti magazi aleke kutuluka pamene ena akubweretsa sikani ya echo. Magazi akapezeka m'kathumba kokuta mtima kaja, amabaya singano pansi pa fupa la pachifuwa n'kuikamo kapaipi kokhetsera, ndipo BP imakwera pafupifupi nthawi yomweyo. Magazi otulukawo angathe kubwezeredwa m'thupi mwa mwiniwake. Bowo la mumtsempha waukulu amalimata ndi stent yokutidwa ndi kansalu. Bowo la kumapeto, lochita kubayidwa ndi nsonga ya kawaya, amalitseka ndi timawaya topota kapena kachidutswa ka mafuta otengedwa pansi pa khungu la wodwalayo. Mankhwala osungunula magazi sathetsedwa mphamvu zipangizo zikadali mumtsempha, kuopa kuti magazi angaundane pa izo. Bowo la kawaya limadontha mwakachetechete, ndipo wodwala angathe kukomoka patapita maola ali ku wodi; namwino woona BP ikutsika pambuyo pa ntchitoyi ayenera kuganizira mtima asanaganizire china.

Pa mtsempha wachilendo sitepe iliyonse imalemera. Stent yokutidwa ndi yonenepa ndi yosapindika, ndipo kuidutsitsa pa khota lakuthwa ndi kapaipi kosakhazikika n'kovuta. Njira yozolowereka yolowetsa kapaipi kachiwiri pamene kabaluni kakutsekabe bowo imafuna kupezanso khomo lija kachiwiri, magazi akutuluka. Wa mtsempha umodzi sapirira kabaluni kotseka kwa nthawi yaitali. Choncho ntchito yeniyeni yothana ndi kubooka imachitika ntchito isanayambe: kusankha kapaipi kotakata kokwana kabaluni ndi stent nthawi imodzi, kukhala ndi kapaipi kakang'ono kowonjezera kolowa m'kati mwa mtsempha, kuyeza kukula kwa mtsempha ndi kamera kam'kati m'malo moyerekeza ndi maso, ndi kuona kuti zipangizo zokhetsera zili m'chipinda momwemo.

Kusakhazikika kwa kapaipi kumabweretsanso vuto la stent kuvuka pa kabaluni isanafike. Ikavuka kawaya kakadali m'kati mwake, amaikoka ndi kabaluni kakang'ono kapena kamsampha ka waya. Zikakanika, amaifufumitsa pomwe yaima kapena kuiphwanyira kukhoma ndi stent ina.

Pamene kapaipi si yankho

Si kuthina kulikonse kumene kuli kwa mafuta. Mtsempha wolowa pansi pa mnofu umafinyika mtima ukagunda n'kumasuka ukapuma, ndipo stent yoikidwa pamenepo imadziwika ndi kubowola khoma, kuthyoka ndi kutsekekanso. Mankhwala ochepetsa liwiro la mtima ndiwo amayamba. Mtsempha woyenda m'khoma la aorta umathina chifukwa chofinyidwa kunja. Malangizo a bungwe la madokotala a mtima la ku Ulaya a 2020 amati wodwala wotere, ngati ali ndi zizindikiro ndi umboni wakuti mnofu ukuperewera magazi, achitidwe opaleshoni, imene kawirikawiri ndi kutsegula denga la chigawo cham'khoma chija kuti khomo litakate. Stent yayesedwa pa akuluakulu ena, koma zotsatira zake za zaka zambiri sizinakhazikike mofanana ndi za opaleshoni, ndipo kwa ana si njira. Wamkulu wopulumuka ndi mtsempha wotuluka pa mtsempha wa ku mapapo amadziwika ndi mtsempha wakumanja wotupa kwambiri umene umadzaza wakumanzere cham'mbuyo. Dokotala akaona zimenezi aleke kugogoda m'kathumba ka kumanzere, chifukwa mulibe khomo, ndipo chithandizo chake ndi kusamutsira mtsemphawo pa aorta. Mitsempha yotsegukira m'chipinda cha mtima imatsekedwa ndi kapaipi ikakhala yaikulu ndi yovutitsa, koma chotsalira chotupacho chingaundane magazi, choncho wodwala amafunika mankhwala osungunula magazi ndi kuonedwa kwa nthawi yaitali.

Odwala ambiri a ku Malawi ofuna chithandizo chotere amapita ku India, South Africa kapena Tanzania, n'kubwerera kwawo kumene adzaonedwe ndi madokotala amene sanaone zithunzizo. Kwa iwowa lipoti ndi chimbale cha zithunzi ndi gawo la chithandizo. Lipoti labwino limanena kathumba kamene mtsempha watuluka, njira imene wadzera, dzina ndi saizi ya kapaipi kamene kanakwana, dzanja lolowera, kuchuluka kwa utoto ndi cheza, ndi vuto lililonse limene linachitika. Wodwala auzidwe m'chinenero chake kuti mitsempha yake ndi yachilendo ndipo ngati chilendocho chili choopsa kapena ayi, kuti asaleke ntchito ndi masewera popanda chifukwa, komanso asapitirize pamene pali ngozi. Akatuluka m'chipatala, chifuwa chikayambanso kupweteka, akayamba kubanika kapena chizungulire, mkodzo ukachepa, polowera kapaipi pakatupa kapena khungu lakumsana likafiira, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, mapepala ake ali m'manja, ndipo asasiye mankhwala oteteza stent popanda kulamulidwa ndi dokotala wa mtima.